Banga la pa sofa ya mwana wanga

Ine kale ndinkakhulupirira kuti nsalu iliyonse ndi mwana wa thonje. Sekani, palibe mlandu. Sukulu ndinaisiyira panjira, aphunzitsi atatopa nane, ndipo moyo wanga wonse ndalima thonje kuno ku Madzimoyo. Ndinkati munthu amene wabzala thonje, napalira, napopera, natola, palibe nsalu ingamuphunzitse nzeru. Ikada, madzi otentha. Ikachita makani, sopo ndi chitsononkho cha chimanga. Basi.

Sofa imene ndikunenayi anatigulira mwana wathu wamkazi, mmodzi yekhayo, chaka chimene anayamba ntchito m'sitolo ku Chipata. Inabwera pa kalole, yobiriwira ngati munda wa nshawa mvula itangokata. Ukaisisita chokweza inkawala, ukabweza dzanja n'kuda. Ndinaizungulira ngati ng'ombe yamalonda.

"Mama, iyi ndi ya matako a mabwana," ndinatero. "Angawa anazolowera chitsa."

"Khalani chabe, atate," anayankha akuseka. "Matako sasankha."

Ndinakhala, n'kumira, miyendo m'mwamba. Anaseka mpaka misozi.

Atadwala anabwerera kumudzi. Kuchipinda anakana, ankati akufuna aziona pakhomo ndi anthu odutsa. Choncho anagona pa sofa ija kuyambira nthawi yokolola mpaka kutentha kutayamba, mutu atatsamiritsa pa mkono wake wa sofayo. Amake ankamudzoza mafuta m'mutu m'mawa uliwonse, ngakhale tsitsi linali litatsala pang'ono. Pamene ankatsamirapo panatsala banga lakuda, lalikulu ngati chikhatho changa.

Titamuika m'manda, achibale anagawana zovala zake monga mwa mwambo. Nsapato, zitenje, ngakhale kachikwama kake, zonse zinapita. Zithunzi zinali mu foni imene inafa yokha. Chake chimene chinatsala m'nyumba muno chinali sofa. Amake anatenga kansalu koluka n'kuphimba pa banga paja. Ine, katswiri wa nsalu, ndinati mumtima: mayiyu akubisa litsiro, akuchita manyazi ndi alendo.

Chaka chitatha, a mphakati wathu, Akhristu amene timapemphera nawo m'nyumba mosinthana, anati adzabwera kwathu kudzakumbukira mwanayo. Mkazi wanga anapita ku Chiparamba kukauza abale ake, kukagona konko. Ndinatsala ndekha ndi nzeru zanga. Ndinati, akabwera apeze mpando wa mwana wake uli mbee, anene kuti nkhalamba ija ilinso ndi ntchito. Komanso banga lija, mphepo ikasuntha kansalu, ndikaliona ndinkatuluka panja.

M'mawa ndinaikoka sofa ndekha mpaka pansi pa mtengo wa mango, msana ukulira. Ndinawiritsa madzi, kuthiramo sopo wa ufa wodzaza dzanja, kusankha chitsononkho chokhakhala bwino, chonga chimene timakwechera zidendene. Ndinathira madzi pa banga. Anayenderera pansi obiriwira ngati ndiwo za chisoso. Ndinati ndiye litsiro likutuluka limenelo. Ndinayamba kukwecha ndikuimba.

Nsalu ya thonje ikanyowa imalimba, imakulola kuimenya pamwala. Iyi ayi. Inafewa ngati pepala la m'matope. Ndisanamalize vesi, chitsononkho chinalowa, n'kutulukira pa siponji. Dzenje. Ndinaima. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo, koma ine ndinaona kuti pamene ndatsuka payera kuposa pena, ndiye ndinakhuthulira ndowa yonse pa sofa kuti mtundu ufanane. Kenako ndinaikokera padzuwa, dzuwa lija la mwezi wa Okutobala lopsereza nyerere.

Pofika masana inali itauma. Nsalu inakhwinyata n'kukoka misoko mpaka kuphulika. Kuwala konse kunatha. Panatsala mizere yozungulira ngati pamene mwana wakodzera mphasa, ndipo poigwira inkauma gwa ngati chikopa cha mbuzi. Pa banga paja panalibenso banga. Panali pakamwa pong'ambika, siponji ili yachikasu m'kati.

Ndinadula kachidutswa, kukwera njinga, ulendo ku Chipata. Kuseri kwa msika kuli bambo wina wokuta mipando. Anakapotokola kachidutswako ndi zala.

"Madala, mwaichita chiyani?"

"Ndaisambitsa."

"Ndi chiyani?"

"Ndi ulemu wonse."

Sanaseke. "Iyi ndi leyoni," anatero. "Si thonje ayi, amaipanga kuchokera ku mitengo. Madzi ambiri ndi mdani wake, otentha ndiye kuipha kumene. Imafuna kungoigunda pang'onopang'ono ndi kansalu kofinya, iume pamthunzi."

"Mitengo? Ndiye mwana wanga anandigulira nkhuni?"

Ndinaseka ndekha, kuseka kwake kosafika m'mimba. Ndinafunsa ngati ingabwerere mwakale. Anapukusa mutu. Anati akhoza kuisenda yonse n'kukuta nsalu ina yatsopano, yokongola kuposa. Ndinamuyang'ana. Nsalu ina, imene mwana wanga sanaigonerepo, ya chiyani? Pobwerera njinga ndinkangoikankha. Magalimoto ankandiimbira hutala, ine osamva.

Sofa ndinaibwezera m'nyumba, n'kuyala kansalu koluka pa dzenje. Kanali kakang'ono. Ming'alu inkasuzumira mbali zonse.

Mkazi wanga anatsika minibasi dzuwa litapendeka. Analowa, katundu ali pamutu, n'kuima pakhomo. Ndinayesa kamwa langa lija limene landipulumutsa zaka zonsezi.

"Mayi, mpando wanu wakalamba tsiku limodzi, wafuna kufanana ndi mwini nyumba."

Anayang'ana sofa. Akanandilalatira bwenzi ndikupuma. Anatula katundu, kugwada pafupi ndi sofa, kuchotsa kansalu kaja. Analowetsa zala m'dzenje, kufufuza m'mbali mwake ngati wotaya singano. Kenako anawerama, kuika nkhope pamenepo nthawi yaitali. Anadzuka, kupinda kansalu bwinobwino, kulowa nako kuchipinda. Moto sunayake tsiku limenelo. Ndinakhala panja pa chitsa changa chakale mpaka nkhuku zonse zitalowa.

Nditalowa ndinamupeza atagona choyang'ana kukhoma. Ndinayamba kufotokoza za alendo, za manyazi, za bambo wa kumsika ndi mitengo yake. Ndinati ndinkafuna kumuchotsera litsiro limene ankabisa. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera. Ndiye anayankha, osatembenuka, mawu ake ali pansipansi.

"Kansalu kaja sikanali kobisa litsiro, bambo. Kanali kotchinga fumbi. Inu mukapita kumunda ndinkakachotsa, n'kuika mphuno pamenepo. Fungo la m'mutu mwake linali likadalipo. Lero ndanunkhiza, ndamva sopo."