Nthenga ya nkhuku pa makina odulira buledi

Maganizo ochoka ku Ntcheu anandifikira Loweruka lina nditagwada pansi pa makina osokera a amayi, nthenga ya nkhuku ili m'manja. Loweruka lililonse ntchito inali yomweyo: kuchotsa fumbi la nsalu ndi nthenga, kudonthezera mafuta, kupukuta. Anzanga anali atayamba kale kupita ku Zimbabwe ndi zitenje, akubwerako akuwala, ine ndikununkha mafuta a makina. Ndinaponya nthenga ija pansi n'kunena kuti sindinabadwire kutumikira chitsulo. Amayi anangoitola n'kuti, "Pita mwanawe, mapazi ndi ako." Mawuwo anandiwawa kuposa mbama.

Ndinapitadi ku Zimbabwe, koma geni ya zitenje inandigwera m'miyezi itatu yokha. Ndinatsala ku Mbizo, komboni yaikulu ya ku Kwekwe, ndili ndi chikwama chimodzi ndi manyazi. Kubwerera sindikanatha, pakamwa panga panali patanditsekera njira. Ntchito ndinaipeza pa bekare ya Mai Shumba, mayi wa mawu aakulu amene ankaphikira buledi anthu a m'migodi. Anandiika pa makina odulira buledi. Ine wothawa chitsulo ndinakagwera pa chitsulo chinanso, chachikulu ngati kabati, cha mipeni yambirimbiri yokwera ndi kutsika.

Lamlungu linkanditalikira. Ndinkakhala pakhonde kuyang'ana makombi, maminibasi a kumeneko, akupita kutauni, ndikulakalaka munthu wondifunsa kuti wadzuka bwanji m'chilankhulo changa. Mwezi ukatha ndinkatumiza kangachepe kwa amayi pamodzi ndi bodza lakuti zitenje zikuyenda. Iwo ankayankha mwachidule: "Talandira. Uzidya."

Makina aja ankavuta. Mipeni inkabuntha msanga, ina kuthyoka, ndipo akamayenda ankalira ngati nkhumba yomangidwa miyendo. Atathyokanso mipeni iwiri, Mai Shumba anandiloza chala. "Iwe sisi, muchina uyu ukafa futi, unodzokera kuMalawi." Chishona changa chinali chosakhwima, koma mawu omalizawo ndinawamva bwino lomwe: makinawo akafanso, ndibwerera ku Malawi.

M'mawa mwake ndinalawira, n'kumasula chivundikiro. M'timisewu momwe mumayenda zitsulo zogwira mipeni munali zinthu zakuda zomata ngati phula, zonunkha mafuta akale a mandasi. Ndinaseka ndekha mpaka misozi. Fungolo ndinkalidziwa. Ndili ndi zaka khumi ndinathirapo mafuta ophikira m'makina a amayi, makinawo n'kuuma, ndipo ndinatha tsiku lonse ndikutsuka, iwo akubwereza kuti, "Mafuta ophikira ndi a m'poto." Pa bekarepo aliyense akamva makina akulira ankathira mafuta ophikira, poganiza kuti ndi okhawo osaipitsa buledi. Mafutawo ankasakanikirana ndi nyenyeswa n'kuuma, kenako n'kumadya chitsulo pang'onopang'ono.

Ndinatsuka monse ndi madzi otentha a sopo, n'kuumitsa. Ndinathamangira kwa a Phiri, makanika wopuma wa kumgodi, amene bambo awo anachokera ku Dedza kalekale. Atamva nkhani yanga anawomba m'manja. "Iwe mwana wa kumudzi, uli ndi nzeru! Manje ndikupezera girisi wake chaiye." Anandipezeradi girisi wopangidwira makina a zakudya, n'kundiphunzitsanso kumanga mipeni yonse mofanana, kuti wina usalemedwe kuposa unzake. Ine ndinaonjezapo lamulo langa: buledi azizizira kaye, chifukwa wotentha amamata mipeni. Mai Shumba anang'ung'udza za nthawi, koma analola.

Burashi sinkafika m'makona. Ndinapita kwa amayi ogulitsa nkhuku pamsika kukapempha nthenga, ndinaitsuka bwino, ndipo tikaweruka ndinkachotsera nyenyeswa. Anzanga anandipatsa dzina lakuti Mai Munhenga, mayi wa nthenga. Sindinakwiye, chifukwa makina anali atasiya kulira. Chaka chinatha mpeni osathyoka. Mai Shumba anayamba kuitana anzawo a mabekare a ku Gweru kuti adzaone ntchito ya Mmalawi wawo, ndipo ine ndinkayenda m'misewu ya Mbizo ndikuimba ndekha.

Patatha zaka zitatu ndinakwera basi ya kumudzi, m'chikwama muli botolo la mafuta a makina. Amayi anandilandira ndi nthungululu, koma anandigwira nkhope ndi manja kuti andidziwe bwino. Maso anali atafooka, ndipo anati kusoka anasiya chaka chimene ndinachoka. Ndinavundukula makina aja ndikuyembekeza dzimbiri, koma gudumu linazungulira ndi chala chimodzi, mwakachetechete. M'dilowa munali nthenga yatsopano.

"Amayi, nanga poti simusoka, mumawapakiranji mafuta?"

"Mwini wake anapita ku Zimbabwe. Ndikungomusungira."

Apo ndinaulula zonse: kuti zitenje zinandikana kalekale, kuti ndimadya chifukwa cha nthenga. Anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Ndinadziwa ine. Wa geni satumiza tsiku limodzimodzi mwezi ndi mwezi." Anapapasa m'dilowa n'kundiika nthenga m'manja. "Lero ndi Loweruka, mwanawe."

Ndinagwada pamalo pomwe paja, ndikuseka, misozi ikudontha pa chitsulo.