Kalaliki wa pa Televizau ndi Tambala wa Amalume

Ndikukumbukira chaka chimene ndinasiya sikola, nditalephera kachiwiri setima, kalasi yachisanu ndi chiwiri. Amalume anga, a Bizeki, anandipezera malo pa ofisina ya a Jeremiasi yokonza mota, njinga zamoto, ku Furancungo. Anandiuza mosabisa kuti a Jeremiasi akadzandichotsa pamenepo, kwanga n'kumunda wa fodya basi.

Lamulungu lililonse masana tinkadzazana m'baraka ina yogulitsa zakumwa kuonera sewero la pa televizau. Munali kalaliki wamwano ndi shefe wake, bwana wamimba. Shefe akakalipa, kalaliki ankamuyankha pamaso, kumenyetsa chitseko n'kutuluka, anthu osaoneka n'kumafa nazo tseko. Lamulungu linalo umamupeza ali pampando wake womwewo ngati palibe chinachitika. Ine ndinkamukonda munthu ameneyo, poti nanenso mtima wanga ndi wapachala chibadwire.

Tsiku lina a Jeremiasi anandikalipira pamaso pa anthu kuti ndaononga mabuleki a mota ina, chonsecho amene anaigwira anali mwana wawo. Mtima unandiwira. Ndinawauza kuti maso awo akalamba, n'kuponya pansi shave yomangira mabawuti. Palibe anaseka. Mayi wina wogulitsa mbatata pafupi anangogwira pakamwa. Ndinachoka manja ali bii ndi mafuta.

M'mawa mwake ndinavala kuti ndingopita kuntchito monga amachitira kalaliki uja. Amalume anandiimitsa pakhomo. Anati wonyoza wamkulu sabwerera yekha, kuteroko n'kunyoza kachiwiri. Anagwira tambala wawo, tinalunjika kunyumba kwa a Jeremiasi, osati ku ofisina. Ine anandikhazika pansi chapatali, osaloledwa kutsegula pakamwa. Amalumewo anayamba ndi za mvula, za kudula kwa feteleza, kenako za ine. Za mabuleki sanapepese ayi, anapepesa za mwano wanga wokha.

A Jeremiasi maso awo anali pa tambalayo. Ine m'maganizo ndinali nditafika kale m'mizere ya fodya. Kenako anati, "Za mabuleki ndafunsa, ndi mwana wanga. Koma iwe, pakamwa pakopo. Mawa ulawire."

Pobwerera thupi lonse linandipepuka, ndinkangofuna kuthamanga.

Mpaka lero ndili pa ofisina yomweyo, ndipo mtima uja sunapite patali. Sewerolo ndimaonerabe, ndimasekabe. Koma ndinazindikira kuti kalaliki amabwerera yekha chifukwa alipo wina anamulembera kuti abwerere. Ine anandibweza ndi amalume, ndipo atambala alibe ambiri.