Loweruka Limene Sindinapite ku Soweto

Chaka chimene ndinayamba kuphunzitsa Chichewa pa intaneti ndinkakhala ku Yeoville, m'chipinda cha lendi kuseri kwa nyumba ya mayi wina wa ku Congo. Mkati mwa sabata ndinkagwira ntchito pa ofesi ina m'tauni, yoyankha mafoni a anthu odandaula za inshuwalansi. Ntchitoyo inkandidyetsa, koma mtima wanga sunali pamenepo. Kwathu ndinaphunzira uphunzitsi, ndipo tsiku lililonse poweruka ndinkadzifunsa ngati ku Joni ndinabwerera kudzatukwanidwa pa foni.

Ophunzira anga oyamba anali ana a Amalawi anzanga a kutchalitchi, ana obadwira konkuno amene ankachititsa makolo awo manyazi akapita nawo kumudzi. Kenako kunayamba kubwera akuluakulu. Ndinkawaphunzitsa mmodzimmodzi pa foni ya vidiyo, ndipo posakhalitsa nthawi inayamba kundichepera.

Mnzanga wina wa kuntchito ananditengera ku maphunziro a tsiku limodzi a anthu a mabizinesi ang'onoang'ono. Wophunzitsayo anatiuza kuti tilembe zolinga za mitundu itatu: za sabata imodzi, za miyezi itatu, ndi za zaka zisanu. Anatiuzanso kuti munthu wa bizinesi ayenera kuphunzira kukana, chifukwa anthu amabwera ndi zopempha zambiri zimene sizikufikitsa kumene ukupita. Mawu amenewa anandilowa kwambiri, poti ine chibadwire kukana kunkandivuta.

Nditafika kunyumba ndinalemba zanga papepala n'kulimata pakhomo la kabati. Pa sabata, kujambula mavidiyo atatu a maphunziro. Pa miyezi itatu, mavidiyo makumi anayi, oti munthu azigula n'kumaphunzira yekha popanda ine. Pa zaka zisanu, kusiya ntchito ya mafoni n'kukhala ndi sukulu yangayanga ya pa intaneti. Ndinalengezanso pa tsamba langa tsiku limene mavidiyowo adzatuluke, dala, kuti ndisapeze pothawira.

Tsiku lokhalo lojambulira linali Loweruka. Eni nyumba ankatandala kumsika tsiku limenelo, ndiye pakhomo pankakhala zii. Lamlungu kunali tchalitchi, ndipo tikabwerako oyandikana nawo ankakhala atatsegula kale nyimbo.

Mwa ophunzira anga munali mayi wina wa zaka pafupifupi makumi asanu, amene ankachapa ndi kusita zovala m'shopu ina ku Mayfair. Ndinkawatchula kuti asisi, iwo n'kumanditchula kuti aphunzitsi, ngakhale ndinali wamng'ono kwa iwo. Anabadwira ku Soweto, ndipo ankayankhula Chizulu, Chisutu ndi Chingerezi. Ankaphunzira pa nthawi ya chakudya cha masana, atakhala pa chigubu kuseri kwa shopuyo, makina ochapira akulira kumbuyo. Sanali wophunzira wachangu. Komanso za moni ndi zogula pamsika analibe nazo chidwi. Ankafuna ndiwaphunzitse kunena kuti "mukumva kupweteka pati", "mukufuna madzi", "ndikutembenuzeni".

Tsiku lina ndinawafunsa kuti akudwazika ndani. Anandiuza kuti ndi bambo awo. Bambowo anachokera ku Malawi ali mnyamata kudzagwira ntchito ku migodi, anakwatira kuno, ndipo sanabwererenso. Ana awo sanawaphunzitse Chichewa ngakhale liwu limodzi. Miyezi ingapo m'mbuyomo anadwala sitiroko, mbali imodzi ya thupi inafa, ndipo atatsitsimuka Chizulu chonse chinali chitawathawa, ngakhale Chifanakalo, chiyankhulo cha ku mgodi. Chinatsala ndi Chichewa chokha, chimene panyumbapo panalibe wochimva. Akazi awo anali atamwalira kale.

"Amayankhula tsiku lonse, aphunzitsi," anatero asisiwo. "Amandiyang'ana, n'kumabwereza zomwezomwezo, kenako amakwiya. Bwerani mudzangomva zimene akunenazo."

Ndinayamba ndapempha kuti tiyese pa foni. Tinayesa kawiri, koma sizinatheke. Lilime lawo linali lolemera, mawu ankafika osokonekera, ndipo iwowo sankazindikira kuti m'fonimo muli munthu amene akuwayankhula. Ndinawauza asisiwo kuti ndidzabwera ndikamaliza kujambula. Anangoti chabwino. Patapita milungu iwiri anapemphanso, ndipo ulendo uno manyazi anandigwira. Ndinali nditajambula mavidiyo makumi atatu ndi limodzi. Ndinavomera kupereka Loweruka limodzi.

Ndinakwera taxi, minibasi ya kuno, m'tauni cha m'ma naini koloko, koma mzere unali wautali, ndipo ndinakafika dzuwa lili pamutu. Asisiwo anandichingamira pa spaza, kagolosale ka pakona. Nyumba yawo inali ya zipinda zinayi, kuseri kuli tizipinda ta alendi. Bambowo anawakhazika pa mpando pafupi ndi zenera, bulangeti lili m'miyendo, atawaveka jekete ndi chipewa ngati munthu woyembekezera alendo a kutali. Anali wamtali, wowonda, manja ake aakulu.

Ndinagwada pambali pawo n'kuwapatsa moni. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa:

"Ndiwe wa kuti, mwanawe?"

Ndinati ndine wa ku Ntcheu. Anati iwo ndi a ku Dedza, ndipo misozi inayamba kutsika mbali imodzi yokha ya nkhope. Asisiwo anali chiimire pakhomo atagwira thaulo.

Poyamba ankangofunsa zakumudzi. Anafunsa ngati mvula imagwabe bwino kumapiri kuja, ngati anthu amalimabe mbatatesi, ngati basi imaimabe pa boma. Chichewa chawo chinali chakale, cha mawu amene ndinawamva komaliza kwa agogo anga aamuna. Ndinkayenera kusendeza khutu pafupi ndi pakamwa pawo, ndipo mawu ena ndinkachita kuwapempha kuti abwereze. Chilichonse ndinkawamasulira asisiwo, iwo n'kumaseka, n'kumapukuta m'maso ndi thaulo lija.

Kenako bambowo anandigwira dzanja ndi dzanja lawo lamoyolo, n'kuloza mwana wawo ndi chibwano.

"Umuuze uyu. Ndinasiya mkazi kumudzi ali ndi pakati. Ndinamuuza kuti zaka ziwiri zokha. Kalata inabwera, anati wabadwa wamkazi. Sindinayankhe. Umuuze kuti ali ndi mkulu wake. Akamufune."

Asisiwo anafunsa kuti akuti chiyani. Ndinawayang'ana, nkhope yawo ili yowala ndi chimwemwe choti bambo awo ayankhula ndi munthu, ndipo ndinachita mantha. Ndinali mlendo pakhomopo, nditangofika kumene, ndiye ndiyambe ndine kuulula nkhani ya zaka makumi asanu? Ndinawauza kuti bambo akuti amakumbukira kwawo, ndipo akufuna kuti mwana wawo adziwe mudzi umene anachokera. Mumtima ndinati zotsalazo ndidzanena ndikadziwa zonse.

Ndinafunsa bambowo dzina la mudzi, la mfumu, ndi la mkazi uja. Anayesa. Pakamwa pankatseguka koma chotuluka chinali mpweya ndi malovu. Anali atatopa, tinali titayankhula kupitirira ola limodzi. Anamenya mpando ndi chikhatho chifukwa cha mkwiyo, kenako anapumira m'mwamba n'kundiuza pang'onopang'ono kuti lilime lawo limapepuka m'mawa, ndiye ndidzabwere Loweruka linalo dzuwa lisanakwere. Ndinavomera. Ndinati ndidzabwera ndithu, abambo.

M'taxi pobwerera ndinali ndi chisoni chenicheni, sindinganame. Koma nditalowa m'chipinda changa n'kuona pepala la pa kabati, mutu unayamba kuwerenga masiku. Mavidiyo asanu ndi anayi anali asanajambulidwe, ndipo tsiku limene ndinalengeza linali litatsala milungu itatu. Anthu ankalemba pa tsamba langa kuti akudikira. Ndinadziuza kuti bambowo akhala chomwecho miyezi yambiri, milungu iwiri siingasinthe kanthu. Ndinadziuzanso kuti ndikamaliza ndidzakhala ndi nthawi yambiri, ndizidzapita Loweruka lililonse, mwinanso kuwalembera mbiri yawo yonse. Ndinkakhulupiriradi zimenezi.

Lachisanu ndinatumiza uthenga kwa asisiwo kuti zandithina, ndidzabwera sabata inayo. Anayankha m'Chichewa, "Palibe vuto, aphunzitsi." Ndikukumbuka kuti ndinanyadira kuona kuti alemba bwino popanda cholakwa. Loweruka limenelo ndinajambula mavidiyo asanu, ndipo limodzi linali la mayina a achibale: mkulu, mng'ono, mlongo, malume.

Sabata yotsatira ndinatumizanso uthenga wonga womwewo. Asisiwo anandiuza kuti m'mawa wa Loweruka lapitalo bambo awo anakana kudya phala mpaka atawaveka jekete, ndipo anakhala pazenera kufikira masana. Ndinawerenga uthengawo ndili pa ntchito, pakati pa mafoni awiri. Ndinayankha kuti awauze kuti Loweruka likubweralo silo, koma linalo ndidzafika m'mamawa, ndipo sindidzaphonya. Sindinaganize n'komwe kuti asisiwo analibe mawu owauzira zimenezo.

Ndinamaliza vidiyo ya makumi anayi Loweruka lachiwirilo, nthawi ili cha m'ma folo. Ndinatenga cholembera n'kuchonga papepala paja. Lachitatu m'mawa asisiwo anandiimbira foni kuti bambo awo atisiya.

Kumaliro ndinapita. Anawaika konkuno, nyimbo zonse zinali za Chizulu ndi Chisutu. Panali madala awiri kapena atatu amene anagwira nawo ntchito ku mgodi, koma palibe amene anali wa kwathu, ndipo nditawafunsa anati ankangowadziwa kuti ndi a ku Nyasa. Asisiwo ankandionetsa kwa abale awo kuti awa ndi amene anayankhula ndi baba komaliza. Aliyense ankandigwira chanza ndi manja awiri. Ndinkalakalaka nthaka itang'ambika.

Patatha milungu iwiri ndinapita ku Mayfair pa nthawi ya chakudya cha masana. Tinakhala kuseri kwa shopu, iwo pa chigubu chawo, ine pa kreti. Ndinawauza zonse monga momwe bambo awo ananenera, za mkazi, za kalata, za mwana wamkazi. Ndinawauzanso kuti tsiku lija ndinamva bwinobwino koma ndinabisa.

Anayang'ana chakudya chawo. Sanakalipe.

"Mukanandiuza tsiku lomwelo, ndikanabwera kudzakutengani ndekha ku Yeoville," anatero. "Ndinkaganiza kuti ndi nkhani za mvula ndi mbatatesi. N'chifukwa chake ndinkati palibe vuto."

Anatulutsa foni n'kundiuza kuti m'mawa wa masiku amene sindinabwere aja ankawajambula mawu bambo awo, poganiza kuti ndidzamvetsera. Panali zojambula zisanu ndi chimodzi. Tinamvetsera limodzi, foni ili pakati pa makutu athu, makina akulira. Ndinawapempha kuti anditumizire, ndipo kunyumba ndinazimvetsera kambirimbiri ndi zomvera za m'makutu, ndikuchepetsa liwiro pa kompyuta imene ndinkakonzera mavidiyo anga. Ndinatolamo mawu akuti chigayo, mtsinje, ndi mishoni. Panali liwu lina limene ankalibwereza katatu kapena kanayi, mwina linali dzina la mudzi, mwina la munthu. Ndikanakhala pafupi n'kumaona milomo yawo, ndikanawafunsa kuti abwereze. Pa foni linkangomveka ngati munthu akubuula.

Ndinafunsa m'magulu a pa foni a anthu a ku Dedza okhala kuno. Ndinapempha anthu angapo kuti amvetsere liwu lija, aliyense n'kumatchula mudzi wake wosiyana. Dzina limene bambowo ankadziwika nalo kuno linali la pa chiphaso cha ku mgodi, ndipo palibe amene analizindikira.

Mavidiyo anatuluka pa tsiku lake. Anthu anawalandira bwino, ndipo mpaka lero akuyendabe. Asisiwo anasiya kuphunzira. Sananene kuti asiya, anangoti masana ntchito yachuluka, ndipo ine sindinawakakamize. Chaka chachitatu ndinasiya ntchito ya mafoni, zaka zisanu zisanakwane n'komwe, ndipo anthu a kutchalitchi anandipempha kuti ndikayankhule kwa achinyamata za kukhala ndi masomphenya. Ndinapeza chifukwa chokanira. Zolinga ndimalembabe, chifukwa popanda izo bizinesi siyenda, ndipo sindingauze munthu kuti kulemba zolinga n'kulakwa. Chimene chimandisautsa n'chakuti pa milungu iwiri ija sindinkadziona ngati munthu woipa. Ndinkadziona ngati munthu amene wayamba kukhwima.

Chaka chatha, nditakhala nthawi yaitali osamva za iwo, asisiwo ananditumizira uthenga. Ankafunsa kuti basi ya ku Malawi imakwereredwa kuti, imayenda masiku angati, ndipo munthu wopita ku Dedza amatsikira pati. Ndinawafotokozera zonse, n'kuwapatsa nambala ya msuweni wanga amene amaphunzitsa pafupi ndi boma la Dedza. Ndinawauzanso kuti ngati angafune, ndingawaperekeze. Anathokoza, n'kunena kuti apita ndi mwana wawo wamkulu.

Msuweni wanga anandiuza kuti anafika, anagona kwawo masiku awiri, kenako anapeza munthu wa njinga yamoto woti aziwazungulitsa m'midzi ya kufupi ndi mishoni zakale. Zitatha izo iye sanamvenso kanthu. Patapita mwezi asisiwo ananditumizira chithunzi chimodzi chopanda mawu. Pachithunzipo ali chiimire m'mbali mwa msewu wafumbi, atavala chitenje chimene sanachimange bwino, kumbuyo kwawo kuli phiri ndi munda wa mbatatesi. Pafupi nawo paima mayi wina wachikulire, wamfupi, akuyang'ana kumbali. Sindikudziwa ngati ndi munthu amene ankamufuna, kapena ndi mayi chabe amene anawalozera njira. Ndinayankha kuti ndathokoza chifukwa cha chithunzicho, ndipo ndinafunsa ngati anayenda bwino. Anati anayenda bwino.