Thobwa lomwe linadikira maliro

A Overton Mhango a ku Mhuju mowa anauyambira m'minda ya eni ake, akadali mnyamata. Kumeneko munthu akafuna kuti chimanga chake chipaliridwe msanga amafulula mowa, anthu n'kubwera ndi makasu. A Overton sankaphonya. Ankalima ngati anthu awiri, koma pobwerera ankagona m'ngalande. Munda wawo unangokhala thengo, mpaka akazi awo, a Ida, anabereka mwana wawo Lusungu n'kubwerera kwawo ku Njakwa.

Amene anawadzutsa a Overton ndi a Manasseh, okonza njinga pamsika, amenenso kachasu anatsala pang'ono kuwapha. Iwowa anasonkhanitsa amuna osiya mowa kuti azilimirana, chakumwa chizikhala thobwa basi. A Ida atamva anabwerera, koma ananeneratu: "Mukadzangolawanso, bambo a Lusungu, minibasi za ku Njakwa sizinathe."

Chaka chino, gulu litapangana zokapalira kwa a Overton, a Ida anaphika thobwa lodzaza ndowa. M'mawa mwake kunagwa maliro m'mudzi, ndipo pamaliro munthu sapita kumunda. Thobwa lija linangokhala m'nyumba, lovundikira, kunja kukutentha.

Maliro atatha, tsiku lopalira, a Overton anavundukula ndowa ija. Thovu lokhalokha. Linali litasanduka mowa. Malovu anadzaza m'kamwa mwawo. A Ida anali kumjigo, ndipo kapu inali pambali pa ndowayo. A Overton anavundikira, anatuluka, n'kukhala pakhonde atapanira manja m'khwapa mpaka anzawo anafika.

"Akulu, thobwa lasasa," anauza a Manasseh. "Ndikalinyamula ndekha kokalitaya, kudzala silikafika."

A Manasseh anasuzumira mundowa n'kuseka. "Mwafulula bwino chomene, achimwene. Ine ndimayesa luso lanu ndi kumwa kokha. Gwirani uko, nkhope muyang'ane kumbali."

Anakalikhuthula kuseri kwa khola, anzawo akuyang'ana m'mwamba ngati akufufuza mvula.

"Nanga kukhosi tiziikako chiyani?" anafunsa mmodzi.

"Madzi," anayankha a Overton. "Amene sakwanitsa ndimumvetsa. Ine munda uwu ndipalira."

Palibe anachoka. A Ida pobwera anapeza ndowa yopanda kanthu ndi dothi lonyowa kuseri kwa khola, makasu akumveka kumunda. Anaitsuka ndi mchenga, anathiramo madzi, anasenza n'kuwatsatira.