Tsiku Limene Deo Anasiya Maikolofoni

Ku Richmond Hill, dera limene tadzazamo ife ochokera ku Guyana, kulibe amene samudziwa Deonarine Ramkissoon, ngakhale dzina lonseli amalitchula ndi a kubanki okha. Enafe timangoti Deo wa maikolofoni. Ntchito yake ndi yokonza mafiriji m'masitolo a mumsewu wa Liberty, kunsi kwa njanji ya sitima yodutsa m'mwamba, koma ulemerero wake unali pamisonkhano ya phungu wa dera lathu, a Vincent Marrazzo. Iye ndiye ankayala mipando ndi kulumikiza nthambo, ndipo ikakwana nthawi ya mafunso ankayendayenda pakati pa anthu, maikolofoni ili m'manja.

Ntchito imeneyi ili ndi lamulo limodzi: maikolofoni sapatsira munthu. Umangomuyandikizira kukamwa, iwe uli chigwirire. Akayamba kutentha, umaponya diso kwa Mayi Feldkamp, mlembi wa phungu, ndipo iwo akakanda khutu umabweza mkono n'kunena kuti zikomo kwambiri. Deo ankachita zimenezi mwaulemu moti munthu ankakhala pansi akuyesa kuti wamaliza yekha. Lusoli ankalinyadira, ndipo sitingamunene kwambiri. A Marrazzo ndiwo anamuthamangira za mapepala okhalira m'dziko muno atangofika kuchokera ku Guyana, ndipo ofesi yawo ndiyo inapezera amayi ake malo kunyumba yosungirako okalamba, miyendo itawakana.

"Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu," ankamunyogodola motero mlongo wake wamkulu, Parbattie. "Tauwa pang'ono tikumve."

"Achemwali, pakamwa panupa padzakupalamulitsani," ankayankha Deo, dzanja lili kale m'mbale mwawo, pa roti, chapati cha kwathu.

Mliri utafika, nyumba ya okalamba ija inatsekedwa. Amayi awo, a Sumintra, ankangowaonera pawindo, ndipo posakhalitsa anamva kuti ayamba kutsokomola. Tsiku lina m'mawa foni ya Deo inalira. Mawu a mayi wina wotopa anati, "Amayi anu tawatulutsa," n'kudula. Deo anadumpha ngati mwana. Nanga munthu samutulutsa akachira? Anaimbira Parbattie, anakolopa chipinda, anakagula nsomba za hassar zimene amayi ankazikonda, n'kukhala pakhonde kudikira galimoto.

Kutulutsa kwake kunali kowakweza mu ambulansi, akubanika, wa kuchipatala. Anatsikira kulichete komweko nsomba zija zikadali mufiriji. Mtembo unawotchedwa monga mwa mwambo wathu, koma ana awo anaonerera pafoni.

Boma litayamba kulengeza chiwerengero cha okalamba amene anafera m'nyumba zoterezi, anthu anaomba m'manja kuti kwathu kuno zayenda bwino. Parbattie yekha ndiye ananunkhiza chinyengo. Amene ankathera kuchipatala sankawaika m'gulu la akunyumba ya okalamba, ngakhale matenda anawatengera komweko. Ukafera pabedi lako akuwerenga, ukangowoloka geti ndiwe mtembo wa eni ake. Zinali zonyansa, ndipo wina aliyense amene anaziganiza ankadziwa chimene akuchita.

"Zisiyeni achemwali," anatero Deo. "Kuwerenga sikudzutsa munthu."

"Amayi ankatiwerenga ndi zala asanagawe chakudya, kuti wina asasowe. Iwe lero ukuti chiyani?"

Chaka chitatembenuka, a Marrazzo anaitanitsa msonkhano muholo ya tchalitchi, Loweruka masana. Dzulo lake Parbattie anamupeza Deo atagwada kuseri kwa firiji ya musitolo ya nyama.

"Mawa ndikubwera, ndipo ndikweza mkono," anatero. "Ukandidumpha, iwe ndi ine tathana. Pamwambo wa chaka wa amayi usadzapondepo."

Deo anafika kuholo kusanabwere munthu. Anayala mipando motalikirana, n'kupukuta maikolofoni ndi mankhwala mpaka kunyezimira. Anthu atayamba kulowa, Mayi Feldkamp anamukokera pambali.

"Mlongo wako uja wakhala kutsogolo, wanyamula chithunzi. Mzere umenewo usafikeko. Bwana akudalira iwe. Tamvana?"

"Tamvana, mayi."

A Marrazzo analankhula bwino, monga mwa masiku onse. Anathokoza anamwino, anatamanda katemera, kenaka anati dera lathu lateteza agogo ake kuposa madera ena, pakuti manambala sanama. Mkono wa Parbattie unakwera nthawi yomweyo, mafunso asanatsegulidwe n'komwe.

Deo anayambira kumbuyo. Wina anadandaula za zinyalala. Wina za malo oimika magalimoto. Mayi wina anafunsa za sukulu, ndipo kuti amufikire, Deo anayenera kudutsa pafupi ndi mlongo wake. Anadutsa maso ali pansi, koma chithunzi chija anachiona ndithu: amayi atavala mpango wawo woyera wa kukachisi. Thukuta linanyowetsa masiki ake. Mkono wa Parbattie unali utayamba kutopa, moti anauchirikiza ndi dzanja linalo, koma sanautsitse.

"Funso lomaliza," analengeza Mayi Feldkamp, akuloza mkulu wina wa kumapeto amene aliyense ankadziwa kuti angothokoza.

Deo anayenda pang'ono n'kuima pakati pa holo. Sitima inadutsa pamwamba, mawindo n'kumanjenjemera, ndipo anthu onse anadikira kuti phokoso lithe. Litatha, Deo anali ataima pamaso pa Parbattie.

Anamuyandikizira maikolofoni. Mayi Feldkamp anakanda khutu. Anakandanso mpaka linafiira. Parbattie anagwira maikolofoni n'kukoka, Deo n'kulimbitsa, poti dzanja linazolowera. Anayang'anizana. Kenaka zala za Deo zinamasuka.

Parbattie anaimirira, natsitsa masiki, natsegula pakamwa. Mayi amene amatha kulalatira msewu wonse popanda chomuthandiza uja, mawu anamuthawa. M'zokuzira mawu munkangomveka kupuma kwake, kolemera, kodukaduka, ndipo ambiri muholomo kupuma kotero anali atakumvapo pafoni, abale awo akubanika kuchipatala. Wina anayamba kusisima.

Deo anawerama, nayandikiza pakamwa pake pa maikolofoni imene inali m'manja mwa mlongo wake.

"Bwana, ndine Deo, mukundidziwa. Amayi anga, a Sumintra Ramkissoon, roti wawo munadyapo inu. M'manambala mwanenawo alimo?"

"Deo, m'bale wanga," anatero a Marrazzo, mawu ali ofewa, "imeneyo tikakambirane kuofesi."

"Alimo kapena mulibe?"

Phungu uja anayang'ana mlembi wake, mlembi anayang'ana pansi.

"Amene anamwalirira kuchipatala amawerengedwa padera," anatero a Marrazzo.

"Padera pake pati, bwana? Tikawaone."

Pamenepo mayi wina wa ku Jamaica amene anakhala kumbuyo kwawo anaimirira n'kutambasula dzanja. Parbattie anamupatsa maikolofoni.

"Amuna anganso anawatulutsa," anatero mayiyo, n'kutchula dzina lawo lonse. Bambo wa pambali pake analandira, natchula la mkazi wake. Maikolofoni inapita mzere wachitatu, inawoloka kanjira, ndipo palibe amene ankafunsanso funso. Aliyense ankangotchula dzina n'kupatsira mnzake.

Mayi Feldkamp anatsika papulatifomu, nafika pamene panali Deo.

"Kalande chinthucho. Apo ayi, usadzaonekenso kuofesi."

Deo anamva bwinobwino, ndipo mumtima munamupweteka, chifukwa a Marrazzo ankawakonda zenizeni. Anayang'ana manja ake opanda kanthu, osadziwa poti awaike. Kenaka anakoka mpando n'kukhala pansi. Mipando imeneyi anali ataiyala kwa zaka zambiri, koma anali asanaikhalirepo.

Parbattie sanamuyang'ane. Chithunzi chili pamiyendo, ankapinda chala dzina lililonse likatchulidwa. Zala za manja ake onse zitatha, anagwira dzanja la Deo n'kupitiriza ndi zake.

"Pamwambo wa amayi ulawirire, galu iwe," ananong'ona, misozi ikutsika. "Mipando ukuti ayale ndani?"