Njati ya m'munda wathu wa mapira

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene njati inalowa m'munda mwathu. Tsopano ndili Folomu 3, koma mapira akayamba kucha kuseri kwa mpanda wa sukulu, mtima wanga umabwerera kumeneko.

Kwathu ndi kufupi ndi Bangula, ndipo munda wathu unkathera m'bango la kudambo. Ntchito yanga ndikaweruka kusukulu inali kukwera pansanja pakati pa munda, kukoka chingwe cha zitini ndi kukuwa mpaka mawu kusasa, kuti mbalame zisatere. Chaka chimenecho ngala zinalemera mpaka kuwerama. Amayi akamadutsa ankazisisita ngati mutu wa mwana, chifukwa chakudya chathu cha chaka chonse chinali chomwecho.

Masana ena ndili pansanja, ndinaona mapesi akugwedezeka popanda mphepo. Kenako panatulukira msana wakuda wamatope, ndi nyanga. Inali njati yamphongo, yokalamba, yoyenda yokha. Sinandiyang'ane n'komwe. Inadya pangodya ya munda, n'kubwerera m'bango mwaulesi. Ine ndinatsika pansanja n'kuthamangira kunyumba.

Ababa anali ndi chifefe, mfuti ija yomwaza timtovu ting'onoting'ono ngati nthanga za therere. Anali nacho ndi chiphaso cha boma, ndipo ankapha nacho nkhanga ndi abakha a kudambo. Atamva za njati sanachikhudze. Anapalasa njinga kukauza a gemu, oyang'anira nyama zakutchire. Anabwerako ndi yankho lakuti mlenje wa boma alipo, mfuti yaikulu iliponso, koma galimoto yapita kukatuta amayi ovina kumsonkhano wa chipani, choncho tidikire. Masiku amenewo yankho lotere munthu ankalilandira ndi manja awiri.

Njati inabweranso, n'kubweranso. Ndiye kunafika amalume a Zuze, mlongo wawo wa amayi, msodzi wapakamwa potentha.

"Alamu, mfuti yanuyi ndi yokongoletsera khoma kodi?" anafunsa asanakhale n'komwe pansi.

"Ndi ya nkhanga," anayankha ababa. "Njati ili ndi mfuti yake. Chikopa chake chili ngati tayala la thirakitala. Ndikaiwombera ndi iyi, ndingoipweteka chabe."

"Nkhabe!" anakana amalume m'Chisena. "Ife kutsidya tinkagwetsa mvuu ndi mtovu wa paukonde. Vuto si mfuti, alamu. Mwina ndi mawondo."

Anthu amene anali pakhonde anaseka. Amayi sanaseke. Anangoti, "Bambo a Joana, dikirani boma lanulo. Anawa adzadya chiphasocho."

Ababa anatembenukira kwa amalume. Kenako anati, "Bweretsani mtovuwo."

Ndinaonerera zonse. Amalume anadula mtovu wolemeretsa ukonde wawo, n'kuusungunula m'chitini pamakala. Fungo lake linkaluma m'mphuno. Anauthira m'kadzenje kamene anaumba m'dothi lonyowa, ndipo utazizira unatuluka mpira umodzi wofanana ndi dzira la njiwa, koma wopindika mbali imodzi. Anatsegula chipolopolo cha chifefe kumutu, n'kukhuthula timtovu tija, n'kukankhiramo mpirawo. Ababa anautembenuza m'manja, akugwedeza mutu.

M'mawa mwake tinamva kulira kwa mfuti tili pamtondo. Amayi anaimika munsi m'mwamba. Ababa atatulukira, nkhope yawo inali yotuwa ngati phulusa.

"Yagwa?" anafunsa amayi.

"Ndinaloza kuseri kwa phewa," anatero ababa. "Mtovu wakhota. Yathawira m'bango, magazi akutuluka kukamwa."

Aliyense kwathu amadziwa kuti njati yovulala imabisalira munthu. Tsiku lomwelo ababa analetsa aliyense kuponda m'munda, ndipo a minda yoyandikana ndi wathu anachitanso chimodzimodzi. Nsanja yanga inatsala yokha. Ndinkakwera pachulu chakutali n'kumaona mbalame zikubwera kuchokera kudambo ngati utsi, n'kutera pamapira athu popanda wozisokoneza. Ndinkakuwa, ndinkamenya chitini ndi mwala, koma mawu anga ankathera panjira. Dzuwa likatentha kwambiri, m'bango munkamveka kubuula kwapansipansi, kotalika, konga kwa ng'ombe yolephera kubereka. Ababa akakumva ankasiya chakudya n'kukakhala kuseri kwa nyumba.

Pamene galimoto ya boma inafika, ngala zinali zitasanduka mankhusu. Mlenje anaipeza njati itaima m'madzi ofika m'mawondo. Akuti sinayesenso n'komwe kumuthamangitsa. Anawombera kamodzi, ndipo inagwa pomwepo.

Tinaloledwa kuyandikira. Ndinaona nthiti zikuonekera pansi pa chikopa. Chibwano chinali chophwanyika, chikulendewera, m'chilonda muli mphutsi, lilime litatupa. Masiku onse aja inali m'madzi koma yosatha kumwa, pafupi ndi mapira koma yosatha kudya. Mlenje uja anakolowola mtovu ndi mpeni, n'kuuyang'ana, n'kuupereka kwa ababa popanda mawu. Zikanakhala zopepukirapo akanawakalipira.

"Komatu inangotsala pang'ono, alamu," anatero amalume motsitsa mawu.

"Tapitani mukagawane nyama," anayankha ababa. Iwo sanatengeko ngakhale kachidutswa.

Chaka chimenecho tinakolola mapesi. Mvula isanagwe tinali titayamba kale kudya nyika, timizu towawa ta maluwa a m'madzi timene amayi ankakazula kudambo, madzi akuwafika pachifuwa. Sindinawamve akudzudzula ababa, ndipo ababa sanadzudzule amayi. Aliyense ankangotafuna.

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti cholakwa chinali mtovu wopindika uja. Tsopano ndikuona kuti ababa ankadziwa zoona kuyambira pachiyambi, ndipo anazinena bwino lomwe pakhonde paja. Chimene chinawavuta chinali kuzigwiritsitsa pamene anthu akuseka, mkazi wawo akuopa njala. Sindiwaweruza, chifukwa nanenso ndinkafuna kuti awombere. Ndikamaliza sukulu ndikufuna kudzaphunzira za nyama zakutchire, ndipo ndikupempha Mulungu kuti adzandipatse mtima wotha kunena kuti ayi, ngakhale ndili ndekha. Munthu amene alibe mfuti yogwetsa nyama nthawi yomweyo, ayenera kudziyesa wopanda mfuti. Njati ija ikanatidyera ngodya imodzi ya munda. Chifukwa choipweteka, tinataya munda wonse, ndipo iyo inafa ili ndi ludzu, itaima m'madzi.