Chikwama cha ba Nicodemus pa Njanji

Si zoona zimene munamva zija, zakuti ba Nicodemus Sakala a ku Kabwata anali kazitape wa asilikali a ku Rhodesia. Nkhaniyo inabadwira pamzere wogulira ufa, pamene munthu akaima maola asanu osagula kanthu amayenera kubwerera kunyumba ndi kenakake, ngakhale bodza.

Ba Nicodemus anachoka ku Katete ali mnyamata, nakhala kalaliki pa sitolo ina ya nsalu zaka makumi awiri. Sitoloyo itatsekedwa, ntchito inatha koma tayi sinathe. M'mawa uliwonse ankaimanga pakhosi, kunyamula chikwama chachikopa, n'kumayenda ngati wachedwa ku ofesi. Ofesiyo inali mwala, pafupi ndi pamene msewu umadumpha njanji kuseri kwa Kamwala.

Malowo ankawadziwa kuposa katekisimu. Belu likayamba kulira, nyali ziwiri zofiira n'kumaphethira mosinthana, iwo ankatulutsa kabuku ndi pensulo. Sitima yonyamula kopa wa ku migodi ankaimvera kumapazi isanaoneke. Ya malasha inkawasiyira fumbi pa kolala. Zimenezo ankangozichonga. Koma ikakhala ya mabogi ofunda matenti, yochokera kumwera, ankalemba tsiku ndi nthawi mosamala. Pamsewupo zitsulo zinali zosalingana, choncho bogi iliyonse inkadumpha pang'ono, kakata, kakata, mpaka yomaliza. Belu likaleka, magalimoto atadutsa, iwo ankatsikira m'mbali mwa njanji n'kunjuta, chikwama chili chotsegula, ngati akumanga zingwe za nsapato.

Chinali chaka chija milatho inkaphulitsidwa ndi asilikali a ku Rhodesia. Munthu wolemba masitima m'buku, wonjutanso pa njanji, mukanamuyesa ndani inu?

Lachinayi lina anapezedwa ndi ba Musonda, wapampando wa chipani m'dera lawo, munthu wamfupi wokonda kuimirira pa chinthu polankhula. Ba Musonda anakwera pamwala paja.

"Muli shani, ba Sakala? Mulemba chani mu buku?"

"Ni za ofesi, ba Chairman."

"Ofesi iti? Ine niona chabe mwala. Tseguleni chola tione."

Ba Nicodemus anachikumbatira chikwamacho. Ankadziwa kuti opita ku polisi ndi mlandu wotere masiku amenewo sankabwerako msanga, ena tsitsi litachita imvi. Koma zam'katimo zikanaoneka, Kabwata yense akanadziwa kuti kalaliki wa tayi amadyetsa bwanji banja lake. Anayeza ziwirizo, ndipo polisi inawapepukira.

"Nipelekeni chabe," anatero.

Awiriwo anayamba adzera kunyumba kukatenga chitupa. Akazi a ba Nicodemus, ba Bernadette, anali kuchapa pakhomo. Anamva mlanduwo osaleka kufinya malaya, kenaka anapukuta manja pa chitenje.

"Batate ba Imelda, mufuna kukagona mu selo chifukwa cha tayi? Bweletsani kuno."

Sanadikire kupatsidwa. Anachitsomphola chikwamacho n'kuchikhuthulira m'lichero. Munatuluka chimanga, pafupifupi mbale ziwiri, chosakanikirana ndi timiyala ta pa njanji, ndiponso kamutu ka tsache kodulidwa chogwirira kuti kakwane m'chikwama.

"Bomba yanu ni iyi, ba Chairman. Imatayika mu masaka sitima ikajumpa. Aba bamapyanga na tsache, ine nipeta, ikakwana nipeleka ku chigayo. Na imwe munadyako nsima yake pa Sondo, munapempha na yina."

Ba Nicodemus anayang'ana nsapato zawo, zimene zingwe zake zinali zomanga bwino monga mwa masiku onse. Oyandikana nawo anali atadzaza kale pampanda. Ba Musonda anatsegula kabuku kaja, nawerenga nthawi yaitali, chala chikutsata mizere ngati wapolisi weniweni.

"Manje iyi ya matenti," anafunsa motsitsa mawu, "izapita futi liti?"

Loweruka belu litalira, pa njanji panali matsache asanu ndi awiri, ndipo lalikulu koposa linali la akazi a ba Musonda. Ba Nicodemus anafika mochedwa, tayi ili pakhosi, napeza timiyala tokhatokha. Anakhala pamwala pawo, nalembabe tsiku ndi nthawi. Kuyambira pamenepo ankabwera kunyumba chikwama chili chopepuka, ndipo ufulu umene akazi awo anawapulumutsira uja sanauthokoze n'kamodzi komwe.

Ba Nicodemus Sakala sanali kazitape. Anali bambo wopanda ntchito amene ankasesa chimanga pa njanji atavala tayi.